Kumabwinja a mafumu a m'mapiri a ku China

Lolemba, Changsha mpaka Furong

Ndanyamuka ku Changsha kudakali kachisisira, chikwama kumsana, mnzanga wa m'kalasi ali patsogolo. Mnzangayu ndi wa mtundu wa Tujia, kwawo ndi ku Xiangxi, kumadzulo kwa chigawo cha Hunan, ndipo ndi iye anayambitsa zonsezi. Tsiku lina nditamuuza kuti amalume anga ndi nyakwawa kwathu ku Dedza, anadabwa kwambiri kuti mafumu akadalipo, akuweruzabe milandu ndi kugawa malo. Anati kwawonso kunali mafumu osiyirana mpando pa mtundu, otchedwa tusi, koma lero kwangotsala miyala. Ndinamuuza kuti akandionetse miyalayo.

Malo ake ndi atatu: Laosicheng ku Hunan, Tangya ku Hubei ndi Hailongtun ku Guizhou. Bungwe la UNESCO linawalemba pamodzi mu 2015 ngati chuma cha dziko lonse. Tikufuna tiwapondeko onse sabata ino, ndalama zikalola.

Sitima yatisiya pa siteshoni ya Furongzhen masana. Njanji yake ndi yatsopano, inatsegulidwa kumapeto kwa 2021, ndipo nthawi yambiri mumakhala mumdima wa mphanga zobooledwa m'mapiri. Mukangotuluka, mwaona chigwa ndi mtsinje pansi penipeni, kenaka mdima wina.

Tauni ya Furong, yomwe kale inkatchedwa Wangcun, yakhala pamwamba pa mathithi, nyumba zamatabwa zitaima pa mizati m'mphepete mwa phompho. Alendo ndi ochuluka, ndipo ambiri abwerera zithunzi basi. Ife tabwerera chipilala chamkuwa cha Xizhou. Ndi cha mbali zisanu ndi zitatu, kutalika pafupifupi mamita 4, ndipo chalembedwa zilembo zoposa 2,000. Anachiimika mu 940, nkhondo ya pakati pa Ma Xifan, mfumu ya dziko la Chu, ndi Peng Shichou, mtsogoleri wa m'mapiri muno, itatha. Peng anagonja pankhondo, koma werengani zimene anagwirizana: iye avomereze kuti Chu ndi wamkulu, ndipo Chu amusiye alamulire anthu ake, osawakhometsa msonkho, osawalemba usilikali mokakamiza. Wogonja wotani wotuluka ndi dziko lake lonse m'manja? Anthu a ku chigwa anadziwa kuti kupambana nkhondo m'mapiri muno ndi kwina, kukhalamo ndi kwina.

Usiku ndadya mi doufu, timabuloko tofewa ta ufa wa mpunga tomira mu tsabola. Ndimadzitama kuti ndinakulira kambuzi, koma ndalira misozi pamaso pa anthu.

Lachiwiri, Laosicheng

Galimoto yatitenga m'mawa kudzera ku boma la Yongshun, kenaka makilomita pafupifupi 20 kulowera kum'mawa, msewu wokhotakhota ngati wa ku Golomoti. Mvula yamawawa sinaleke tsiku lonse.

Mawu oyenera malo ano tili nawo kale m'Chichewa: bwinja. Kusiyana kwake n'kwakuti bwinja la kwathu umalidziwira ku mitengo ya mango, phulusa ndi mapale, pomwe lino ndi la miyala, lokwera phiri m'magawomagawo kuchokera pa mtsinje wa Lingxi. Mzindawu unamangidwa mu 1135 ndipo unakhala likulu la banja la Peng zaka pafupifupi 600. Banjalo linalamulira dera lino kuyambira 910 mpaka 1728, zaka 818, mibadwo 28. M'zaka zimenezo mafumu aakulu a China anasinthana kambirimbiri, a Song, a Yuan, a Ming, a Qing, koma m'chigwa muno dzina linali limodzimodzi. Aliyense wolowa ku likulu ankapeza a Peng alipo kale, n'kungowatumizira chidindo chatsopano.

Chidindo ndicho chinali mtima wa dongosolo lonseli. Tusi ankalandira kalata yomuika pa udindo ndi chidindo kuchokera kwa mfumu yaikulu. Iye ankapereka mtulo, n'kutumiza asilikali akaitanidwa. Zotsalazo, milandu, minda, misonkho ya anthu ake, zinali zake. Akamwalira, mwana wake ankalowa, koma boma linkayenera kuvomereza kaye. M'nthawi ya Ming anafika poika lamulo loti mwana wa tusi amene sanapite kusukulu yophunzira mabuku a Confucius asalowe ufumu. Ndamva zimenezi ndikuyenda pa msewu wa timiyala ta mumtsinje toyalidwa mwaluso ngati mkeka, ndipo mutu wanga unathawira ku Nyasaland ya 1933, pamene atsamunda anapatsa mafumu makhoti ndi mphamvu zina, koma pansi pa bwana DC. Nzeru yake ndi yomweyo: kumene sungafike wekha, gwira dzanja la mwini mudzi.

Chimene chandigwira mtima kwambiri si nyumba yachifumu, pakuti yangotsala maziko. Ndi ngalande. Anamanga ngalande zamiyala zazikulu, zina zoti munthu n'kulowamo, zotsitsa madzi a mvula kuchokera pamwamba mpaka kumtsinje. Lero mvula ikugwa, ndipo madzi amatsata njira yomwe anawalozera anthu amene anafa kalekale. Ndinaima pamenepo nthawi yaitali ndikuganiza za misewu ina ya ku Lilongwe mu Januwale. Ndisanene zambiri.

Chakumtunda kuli chipata chamwala cholembedwa zilembo zinayi zotanthauza kuti ana ndi zidzukulu adzadyerera mpaka muyaya. Chimakumbutsa za Peng Yinan, amene adakali mnyamata anatsogolera asilikali a m'mapiri muno ulendo wa makilomita oposa 1,000 kupita kugombe la kum'mawa, kukamenyana ndi achifwamba a panyanja otchedwa wokou. Mu 1555 anawagonjetsa pa Wangjiangjing, m'chigawo cha Zhejiang. Anthu oti nyanja sanaionepo, kukafera nyanja ya eni. A Peng ankatumizanso mitengo ikuluikulu ya nanmu yomangira nyumba zachifumu ku Beijing. Mpando wa zaka 818 unali ndi mtengo wake, ndipo olipira anali odula mitengo ndi onyamula mikondo, amene mayina awo sali pa mwala uliwonse.

Muyaya uja unatha msanga. Mu 1724 likulu linasamukira ku Kesha, ndipo zaka zochepa pambuyo pake mfumu Yongzheng inalimbikitsa ndondomeko yotchedwa gaitu guiliu, yochotsa mafumu obadwa nawo ufumu n'kuikapo akuluakulu a boma osinthidwa pakapita zaka. Tusi womaliza, Peng Zhaohuai, anaona kumene mphepo ikulowera, n'kupereka dziko yekha popanda nkhondo. Anamutumiza ku Jiangxi, kumene makolo ake anachokera.

Madzulo tinakwera bwato kutsika mtsinje kukaona kachisi wa Zushi, wamatabwa, yemwe akadali chiimire m'nkhalango pa phiri. Munalibe munthu wina koma gogo mmodzi wosesa masamba. Mnzanga anayesa kumulonjera m'chilankhulo cha Tujia, mawu awiri atatu omwe anatola kwa agogo ake. Gogoyo anamuyankha m'Chitchaina.

Usiku ndinaimbira amalume. Ndinawafotokozera zonse, ngalande, chidindo, zaka 818. Anangoti phee, kenaka anati, "Mphwanga, nanga anthu a mfumuyo anapita kuti? Mfumu isamuke, mudzi utsale?" Ndinati anthu anatsala, akulima mpaka lero. "Ndiye maliro awo ankalengeza ndani?" Ndinalibe yankho, ndipo mayunitsi anatha.

Lachitatu, panjira

Tsiku lonse lathera m'magalimoto ndi m'sitima. Tinabwerera ku Zhangjiajie, n'kukwera sitima yolowera ku Qianjiang, n'kutsika pa Xianfeng, m'chigawo cha Hubei. Pamapu ndi pafupi, koma mapiri a Wuling salola njira yachidule. Pamalo ogona anavuta kulandira pasipoti ya mlendo, tinayenda ndi zikwama mpaka malo achitatu. Mayi wa pamalo achitatuwo anatipatsa youcha tang, msuzi wa masamba a tiyi okazinga m'mafuta, muli mtedza ndi mpunga wokazinga. Tiyi wothira mchere ndi adyo! Kapu yoyamba ndinamwa mwaulemu chabe. Yachiwiri ndinapempha ndekha.

Lachinayi, Tangya

Tangya ali pa mtunda wa makilomita pafupifupi 30 kuchokera m'tauni ya Xianfeng, pa malo otsetsereka pakati pa phiri la Xuanwu ndi mtsinje wa Tangya. Eni ake anali a banja la Qin, ndipo pa mndandanda wa maudindo a tusi anali apansi, osafika pa a Peng. Tinene kuti ngati a Peng anali T/A, awa anali gulupu. Koma gulupu ameneyu anamanga mzinda wa mahekitala opitirira 70, ndipo otsogolera alendo salephera kukuuzani kuti ndi waukulu kuposa nyumba yachifumu ya ku Beijing. Anthu akuno amati unali ndi misewu itatu, tinjira 18 ndi mabwalo 36. Misewu yamiyalayo ikuonekabe, ndipo tayendamo pakati pa udzu ndi makoma ofika m'chiuno.

Pakati pa zonse paima chipata chamwala cha mu 1624, chotalika mamita 7 ndi pang'ono. Ndi chokhacho chimene chaima chathunthu pamalo pomwe panali likulu, ndipo ukachiona umamvetsa chifukwa chake chili pa chithunzi chilichonse. Kutsogolo kwalembedwa mawu otamanda Tangya ngati linga lamphamvu la kumwera kwa dera la Jing, kumbuyo ngati chishango cha Chu ndi Shu (Jing ndi Chu ndi mayina akale a dera la Hubei ndi Hunan, Shu ndi la Sichuan). Pamwala pajambulidwa msodzi, wotola nkhuni, mlimi ndi wophunzira, komanso mfumu ili paulendo ndi anthu ake. Pali ngakhale zitamba za njovu zochirikiza mitanda. Ndinaseka ndekha kuona njovu kuno.

Chipatachi chinali mphatso ya ulemu kwa Qin Ding. Anachita chiyani? Anathandiza boma la Ming kuthana ndi She Chongming, amene anaukira mu 1621 ku Sichuan. She Chongming naye anali tusi. Apa m'pamene ndinayamba kuona mbali ina ya dongosololi: mfumu ya m'phiri ikadzuka, ankatuma mfumu ya phiri lina kukaigoneka, n'kuipatsa mwala wolembedwa bwino.

Kufupi ndi mtsinje kuli akavalo awiri amwala ndi anthu awiri owagwira zingwe, osemedwa mu 1611, aakulu kuposa akavalo enieni. Kumtunda, m'nkhalango, kuli manda a mafumu okhala ngati tinyumba tamwala ta zipinda zinayi, ndipo kuseri kwake kuli manda a mayi Tian, mkazi wa Qin Ding. Za mayi ameneyu anthu amakamba zambiri kuposa za mwamuna wake. Amati anali mwana wa tusi woyandikana naye, ndipo ukwati wawo unathetsa udani wa mabanja awiriwo. Amatinso atapita kukapembedza ku phiri la Emei anatenga adzakazi ambiri, n'kuwalola kukwatiwa m'njira, aliyense kumene wakonda. Mwamuna atamwalira, iye ndiye anagwira zinthu. Manda ake ndi osadzikuza, kachipata kakang'ono kopanda zokongoletsa zambiri. Ndinakumbuka mayi anga aakulu, amene sakhala pa mpando koma palibe mfumu imalongedwa kwathu iwo asanagwedeze mutu.

Tangya anatha mu 1735, mwakachetechete ngati Laosicheng. Anthu wamba analowa n'kumalima m'mabwalo a mafumu, ndipo mbadwa zawo zinakhalamo mpaka posachedwapa, pamene anazisamutsa kuti malowa asungidwe. Nyumba zina zamatabwa anazisiya, zopanda utsi, zopanda nkhuku. Sindinazikonde. Mabwinja enieni sanandimvetse chisoni ngati nyumba zabwinobwino zotsekedwa zija.

Lachisanu, kupita ku Zunyi

Xianfeng, Qianjiang, Chongqing, kenaka sitima yothamanga yolowera ku Guiyang, kutsika pa Zunyi usiku. Miyendo yatupa. Aliyense m'sitima atamva kuti tikupita ku Zunyi ankaganiza kuti tikukaona nyumba ya msonkhano wa mu Januwale 1935, pamene Mao Zedong anayamba kukwera pa utsogoleri wa chipani. Titati Hailongtun, bambo wina anayang'ana nsapato zanga n'kupukusa mutu.

Loweruka, Hailongtun

Bambo uja ananena zoona. Ndikulemba nditagona chagada.

Hailongtun si mzinda wa m'chigwa ngati awiri aja. Ndi linga pamwamba pa phiri la Longyan, makilomita pafupifupi 30 kuchokera mumzinda wa Zunyi, maphompho mbali zonse, njira imodzi kutsogolo ndi kanjira kumbuyo. Dera lino linkatchedwa Bozhou, ndipo banja la Yang linalilamulira kuyambira 876, pamene Yang Duan analilanda m'nthawi ya Tang, mpaka 1600. Lingali anayamba kulimanga mu 1257, mogwirizana ndi boma la Song, pokonzekera asilikali a Mongol. A Mongol sanamenyepo nkhondo pano. Linga lomangidwa kuti liteteze mfumu yaikulu linadzagwira ntchito zaka 343 pambuyo pake, polimbana ndi mfumu yaikulu.

Tinayamba kukwera nkhungu ili tolo, ngati chiperoni cha ku Thyolo. Zipata zilipo zisanu ndi zinayi. Mumadutsa cha Mzati wa Mkuwa ndi cha Mzati wa Chitsulo m'munsi, n'kumakwera mpaka kufika pa makwerero 36 otchedwa makwerero a kumwamba. Musanyengedwe ndi nambalayo. Khwerero lililonse ndi lofika m'bondo kapena kupitirira, lopendekera kunsi, ndipo lonyowa. Sanawapangire kuti munthu akwere, anawapangira kuti alephere. Ndinakwera chokwawa, manja ndi mawondo, mtima uli m'kamwa, ndipo pamwamba pake pakukudikira chipata cha Feihu, Kambuku Wouluka, chobooledwa m'thanthwe. Ndinayerekeza kukwera pamenepa utavala zankhondo, ena akukugubuduzira miyala ndi zipika. Pali njira ina yolambalala ya alendo, ndipo mnzanga, amene ali ndi nzeru kuposa ine, anadzera imeneyo.

Kupitirira apo kuli chipata cha Feilong ndi cha Chaotian, zamiyala ikuluikulu yosemedwa, yoti ukaiona umadzifunsa kuti anaikweza bwanji kuno. Pa zipata zina dzina la Yang Yinglong likuwerengekabe, pamodzi ndi maudindo amene boma la Ming linamupatsa. Iye ndiye anakuza lingali, ndipo iye ndiye anali womaliza.

Nkhani yake ndi yosokonekera, ndipo sindikufuna kumusandutsa ngwazi. Poyamba anali wokondedwa wa boma: ankatumiza asilikali, anatumiza mitengo ikuluikulu ku Beijing, analandira mkanjo waulemu. Koma kwawo anali wankhanza. Anapha mkazi wake wamkulu, wa banja la Zhang, pamodzi ndi apongozi ake, ndipo abale a mkaziyo ndi mabanja ena a mu Bozhou omwe ankawapondereza anakamunenera kuboma kuti akufuna kuukira. Akuluakulu a ku Sichuan ndi a ku Guizhou anakokanakokana pa mlandu wake zaka zingapo. Anamulipiritsa chindapusa, n'kusunga mwana wake Yang Kedong ku Chongqing ngati chikole. Mwanayo anafera komweko, ndipo akuluakulu anakana kupereka mtembo mpaka ndalama zitatha kulipidwa. Pamenepa ndinaima kaye. Munthu angakhale woipa bwanji, kumukaniza mtembo wa mwana wake ndi kuitana moto. Mu 1599 anaukiradi, n'kuwononga tauni ya Qijiang.

Mu 1600 mfumu Wanli inatuma Li Hualong ndi asilikali pafupifupi 240,000, olowa m'njira zisanu ndi zitatu. Ambiri mwa iwo anali asilikali a tusi anzake. Mmodzi mwa atsogoleri awo anali mayi Qin Liangyu wa ku Shizhu, amene anabwera ndi mwamuna wake Ma Qiancheng, ndipo pambuyo pake anadzakhala mkulu wa asilikali wotchuka. Nkhondo inatenga masiku 114. Makwerero aja anagwira ntchito yake, kutsogolo sikunalowereke, ndipo lingali linagwa atalowera kumbuyo. Yang Yinglong anayatsa nyumba zake n'kudzimangirira. Bozhou anagawidwa pawiri, Zunyi kupita ku Sichuan, Pingyue kupita ku Guizhou. Nkhondoyi, pamodzi ndi ya ku Korea ndi ya ku Ningxia, inakhuthula nkhokwe za Ming, ndipo ufumuwo unagwa mu 1644.

Pamwamba pa phiri ndi pathyathyathya modabwitsa, pali udzu, mitengo ndi akasupe. Akatswiri ofukula zakale anakumba pano mu 2012 n'kuvundukula maziko a nyumba yachifumu yatsopano: masitepe, miyala yokhazikapo nsanamira, zipinda zambirimbiri. Anapezamo mapale a mbale zadothi zoyera ndi zobiriwira, matailosi a denga, mitu ya mivi ndi zipolopolo. Tinakhala pa khoma lina n'kudya mazira owiritsa ndi mbatata yootcha zomwe tinagula m'munsi. Nkhungu inang'ambika kamphindi, tinaona mapiri atandandalika mpaka kumene maso alekezera, kenaka inatsekanso.

Mnzanga anandifunsa kuti mwa atatuwa ndasankha uti. Ndinati a Peng anachenjera, a Qin anatamandidwa, a Yang anapsa, koma onse atatu lero tikulowa ndi tikiti. Iye anati komabe alendo ambiri amakonda kuno, chifukwa kuli nkhani ya magazi. N'zoona, inenso ndalemba zambiri za kuno kuposa kwina.

Potsika mawondo ananjenjemera ngati a mwana wa ng'ombe wongobadwa kumene.

Lamulungu, Zunyi

Ndadzuka mochedwa, thupi lonse likuwawa. Tadya yangrou fen, zingwe za ufa wa mpunga mu msuzi wa nyama ya mbuzi, chakudya cha m'mawa cha anthu akuno. Mnzanga wapita kukaona nyumba ya msonkhano ija. Ine ndatsala, ndagula mayunitsi, ndaimbira amalume.

Ndinawapeza akuchokera kutchalitchi. Ndawafotokozera za makwerero, za mtembo wa mwana, za moto. Pa za mtembo anati "Ha!" kawiri. Kenaka anafunsa ngati mafumu amenewa ankalandira mswahala. Ndinati ayi, iwo ndiwo ankapereka. Anaseka mpaka kutsokomola.

Ndinawauza kuti ndachita manyazi pang'ono: ndawoloka nyanja kudzakwawa pa miyala ya eni, pomwe zojambula za m'mapanga a Chongoni, zomwe UNESCO inazilemba mu 2006, zili pakhomo pathu, ndipo ndinapitako kamodzi kokha ndili ku pulayimale. Anati zimenezo tidzapita limodzi, akudziwa njira yachidule yodzera kumunda kwa malemu agogo.

"Koma mphwanga," anatero, "za ana a mafumu kupita kusukulu zija, wati anayamba ndi iwowo?"

Ndinati eya, amalume, wosaphunzira sankalowa.

"Chabwino. Amayi ako aakulu amafunsa dzulo kuti umaliza liti. Pali mlandu wa malire a dimba wakhala miyezi itatu, ndikufuna udzaumvere nawo."

Ndinati ndimaliza mu Julaye. Sitima yobwerera ku Changsha inyamuka 4 koloko, ndipo nsapato zija ndazisiya m'bini ya pa siteshoni.